Kuchoka pa eyapoti ya Kamuzu kukafika kumudzi ku Ntchisi: ndithandizeni njira

Nachisale wa ku Cape: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera kudzapempha nzeru. Pa 19 Disembala ndikupita kumudzi, ndipo aka n'koyamba kukwera ndege. Zaka zonsezi ndimayenda pa basi, kutsikira mu depoti ku Lilongwe, ndiye kuchokera pamenepo njira ndimaidziwa bwinobwino. Ulendo uno abwana andipatsa masabata awiri okha, ndinaona kuti masiku angathere panjira. Tikiti ikusonyeza kuti tidzatera pa Kamuzu cha m'ma 2 koloko masana. Kwathu ndi ku Ntchisi, kupitirira kwa Nthondo, kufupi ndi nkhalango. Ndili ndi masutikesi awiri, iliyonse makilo 23, kachikwama kakumsana, ndi mwana wazaka zisanu. Wodzandichingamira ndi galimoto palibe, alongo anga ali ndi njinga yakapalasa basi. Yohayira galimoto mpaka kumudzi ndilibe, kandalama komwe ndasunga n'kokagulira mayi feteleza wobereketsa. Kodi pa eyapoti pamakhala maminibasi? Ndingakafike kwathu tsiku lomwelo?

Bambo a Tadala (Lumbadzi): Takulandirani achemwali. Ine ndimakhala konkuno ku Lumbadzi, ndege timaziona zikutera tili pakhonde. Poyamba chotsani m'maganizo zoti mukatuluka pakhomo la eyapoti mupeza siteji ya minibasi. Zomwe mupezepo ndi matakisi. Eyapoti ili mkati ndithu, pali kamtunda kuti mufike pa msewu wa M1, ndipo ndi katundu wanuyo komanso mwana simungayende wapansi.

Chachiwiri ndi ichi, ndipo ambiri amaphonya pamenepa. Eyapoti ili kumpoto kwa tauni, makilomita oposa 20. Inu kwanu n'kumpoto komweko. Mukalowa m'tauni ndiye kuti mukubwerera m'mbuyo, kenako mudzadutsanso pa Lumbadzi pomwepa dzuwa litapendeka. Uzani wa takisi kuti akusiyeni pa Lumbadzi, pa siteji ya magalimoto opita ku Mponela. Mtengo wake sungafanane ndi wa m'tauni. Mugwirizane musanakweze katundu.

Nabanda (Leeds): Pepani bambo a Tadala, apa ine ndikutsutsani pang'ono. Ndinayesapo zimenezo chaka china ndikupita kwathu ku Madisi. Ndinaima pa Lumbadzi pafupifupi maola awiri. Maminibasi amachoka mu depoti atadzaza kale, akamafika pamenepo amangotenga munthu mmodzi wopanda katundu. Kondakitala akangoona masutikesi amamenya chitseko, galimoto n'kumapita. Mwana wanga anagona pa sutikesi, fumbi lili tholo kumutu. Ine ndimati bola kutaya ndalama ya takisi mpaka mu depoti, ukasankhe wekha mpando, katundu amangidwe uli pomwepo ukuona.

Bambo a Tadala (Lumbadzi): Zimenezo zinalidi choncho amayi, sindikukana. Koma masiku ano ma Sienta achuluka. Alipo amene amayenda Lumbadzi–Mponela, ena amatsitsa anthu pa Lumbadzi n'kutsala ndi malo. Komanso ganizirani nthawi. Ndege ikatera 2 koloko, kudinditsa pasipoti, kudikira katundu, kusintha ndalama, atuluka cha m'ma 3. Kukafika mu depoti ndi mmene magalimoto amathinanira pa Kanengo madzulo, ndi 4 koloko kapena kupitirira. Minibasi siinyamuka isanadzaze. Adzadutsa pano kunja kukuda.

Dalaivala Wakale: Ndaendetsa minibasi pa msewu umenewu zaka zambiri, ndiloleni ndiikepo mawu. Nonse awiri mukunena zoona, kungoti nkhani yagona pa katundu. Kondakitala sadana ndi sutikesi, amadana ndi sutikesi yaulere. Malo omwe sutikesi yakhala ndi malo a munthu, ndipo madzulo mwini galimoto amafuna ndalama yake yokwana. Ndiye mwana wanga, galimoto ikaima usayambe ndi kunyengerera. Nena mawu amodzi: "Anthu awiri, katundu ndilipira mpando." Udzaona chitseko chakumbuyo chikutseguka chokha.

Mwanayo umulipirire mpando wake ngati ungathe. Kumufungata pamiyendo kuchoka Lumbadzi mpaka Mponela n'kotheka, koma uli ndi kachikwama ka mapasipoti kofunika kukhala pamiyendo pomwepo.

China, ufunse kuti galimotoyo ikukathera kuti. Pali chizolowezi choipa chomwe timati kugulitsa anthu. Ukwera yomwe akuitanira kuti Kasungu, mufika penapake anthu achepa, akuuzani kuti tsikani mukwere iyo. Posamutsa katundu mwachangu m'pomwe zinthu zimasowa. Iwe usalipire galimoto isananyamuke, ndipo akakusamutsa uone ndi maso ako kuti makondakitala awiriwo apatsana ndalama yako.

Nachisale wa ku Cape: Zikomo kwambiri bambo. Zogulitsidwazo zinandichitikirapo kale ndili mtsikana, ndinalipira kawiri. Ndiye mwati ndikafika pa Mponela ndipeza za ku Ntchisi nthawi imeneyo?

Mphunzitsi wa ku Ntchisi: Mupeza asisi. Pa Mponela pamphambano yokhotera kuno ma Sienta amakhalapo mpaka madzulo, ndipo msewu wake ndi watala mpaka pa boma. Ndi ulendo wa ola limodzi kapena kuchepera galimoto ikadzaza. Vuto lanu silili pamenepo ayi. Ine ndikuona kuti gulu lonse likukangana za eyapoti ndi Lumbadzi, pomwe ntchito yeniyeni ikuyambira pa boma.

Mukubwera pa 19 Disembala. Mvula idzakhala itakhazikika. Kuchoka pa boma kulowera kwa Nthondo ndi msewu wafumbi, wokwera ndi kutsika, dothi lake katondo. Kukakhala kouma njinga yamoto imathamanga bwinobwino. Ikangogwa mvula ya ola limodzi, katondo uja amaterera ngati sopo, ndipo amamatirira ku matayala mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Ine ndimapita kumeneko kukayendera anzanga, ndaonapo wa kabaza akutsika katatu pa chitunda chimodzi kuti achotse matope ndi kamtengo. Masana zimenezi n'zopiririka. Usiku, ndi mwana, ndi masutikesi awiri, ayi ndithu musayese.

Kuno mu Disembala kumada itangodutsa 6 koloko. Ngakhale zonse zitayenda bwino, pa boma mudzafika nthawi imeneyo. Ndiye funso lanu lachiwiri lija, loti mungafike tsiku lomwelo, yankho langa ndi lakuti ayi. Konzekerani kugona panjira.

Nabanda (Leeds): Ndi chifukwa chake ine ndimati agone m'tauni, m'mawa alawirire mu depoti.

Jere: Kugona m'tauni n'kudula. Takisi ya kukafika ku Area 3 kapena ku Area 47 payokha idzadyako ndalama ya feteleza ija.

Mphunzitsi wa ku Ntchisi: Ine ndingasankhe pa Mponela. Malo ogona alendo alipo ambiri chifukwa misonkhano ya mabungwe imachitikira kumeneko kawirikawiri, ndiye pali odula ndi otsika mtengo omwe. Pa boma pano aliponso koma ndi ochepa, nyengo ya Khirisimasi amadzaza msanga. Akafika pa Mponela kusanade, apeze chipinda, mwana asambe, adye, agone. M'mawa 6 koloko ali pa siteji, 8 koloko ali pa boma, ndipo mvula ya kuno nthawi zambiri imabwera masana. Ulendo wa kwa Nthondo umafunika kuuyenda m'mawa.

Mai a Chikondi (Joni): Ine ndingofunsa, bwanji osadzera njira ya ku Dowa? Pa mapu a mufoni ikuoneka yaifupi, kukhotera pa Lumbadzi pomwepo kudzera ku Dzaleka.

Dalaivala Wakale: Mapu sadziwa kuti galimoto zimadutsa zingati pa tsiku. Mpaka pa Dzaleka ndi ku Dowa boma zoyendera n'zambiri, zoona. Koma kuchoka pa Dzaleka kulowera ku Ntchisi, magalimoto onyamula anthu ndi apatalipatali poyerekeza ndi njira ya Mponela. Munthu wa galimoto yakeyake angayese. Wodalira matola, ali ndi mwana, adzere ku Mponela komwe akaphonya galimoto imodzi ina ikubwera.

Mai a Chikondi (Joni): Ndamva bambo, zikomo.

Kabaza wa pa Boma: Ine ntchito yanga ndi yomweyi ya njinga, ndiye ndinene za mbali yathu. Amayi, masutikesi amatayala aja ndi abwino pa eyapoti pokha. Pa njinga amavuta kumanga chifukwa ndi oterera, malegeni sagwira bwino, komanso pakona pake pamasweka njinga ikagwa. Ngati mungathe, mukafika pa Mponela gulani zikwama zija timati ukwati watha, kapena matumba, mugawe katunduyo. Chikwama chofewa chimakhazikika pa keriya. Gulaninso pepala lapulasitiki lalikulu, mamita atatu kapena anayi, lokutira katundu. Mumsika amagulitsa.

Mudzafunika njinga ziwiri, osachepera. Ina inu ndi mwana, mwana pakati osati kutsogolo pa thanki. Ina katundu. Wina akakuuzani kuti zonse anyamula yekha pa mtengo wotsika, mukaneni. Amenewo ndi amene amagwetsa anthu. Muuze wa katunduyo kuti aziyenda patsogolo panu, musamulole atsalire m'mbuyo. Sikuti tonse ndife akuba, koma mtima wanu ukhala m'malo mukamauona katundu wanu.

Ndipo sankhani njinga pa siteji pomwe anyamata amadziwana, osati yongokuimirani panjira. Funsani chipewa. Yang'anani matayala, ngati afufutika musakwere nyengo ino.

Nachisale wa ku Cape: Achimwene mwandithandiza kwambiri. Za pulasitiki sindinaziganizire n'komwe. Mu sutikesi imodzi muli mabulangete a mayi ndi shuga, zikananyowa ndikanalira.

Mphunzitsi wa ku Ntchisi: Alongo anuwo auzeni adzakudikireni pa boma m'mawa umenewo. Iwo amawadziwa anyamata a kabaza a kwanuko, ndipo mtengo womwe angauzidwe iwo si womwe mungauzidwe inu. Munthu wochokera kunja amaoneka, ngakhale atavala chitenje. Akatenge anyamata a kumudzi komweko, odziwa pomwe pali dambo ndi pomwe mlatho wamitengo unakokoloka.

Nabanda (Leeds): Pa nkhani ya mtengoyi ndiwonjezere. Mitengo yomwe mukuikumbukira ya ulendo wanu womaliza muiiwale. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mafuta akasowa pa mafilingi siteshoni mtengo wa minibasi umasintha tsiku lomwelo. Ndiye musafunse pagulu pano kuti ndi zingati lero, mudzafunse kwatsala tsiku limodzi. Mukakwera, funsani mayi amene mwakhala naye pafupi kuti walipira zingati musanafunse kondakitala.

Marandi musinthe pang'ono pa eyapoti pomwepo, okwanira takisi, minibasi, chipinda ndi chakudya. Muwapemphe akupatseniko ndalama zing'onozing'ono. Mukangotulutsa ma K5,000 okhaokha, nkhani ya chenje idzakuvutani njira yonse, kondakitala amati "ndikupatsani kutsogolo" mpaka mudzatsika mutaiwala. Ndalama musaike malo amodzi. Yolipira panjira ikhale m'kachikwama kapafupi, yafeteleza ikhale mkati mwa zovala.

Jere: Ndi layini ya foni. Ya ku South Africa ija idzakudyerani ndalama. Gulani ya Airtel kapena TNM, amalembetsa ndi chitupa cha unzika kapena pasipoti. Funsani kumudzi kuti imagwira bwino ndi iti, chifukwa kumapiri kuja pena imagwira imodzi yokha, penanso mpaka ukwere pachulu.

Nachisale wa ku Cape: Alongo anga ali pa Airtel, amati amaimbira pa chitunda cha kuseri kwa tchalitchi. Ndigula yomweyo. Chitupa cha unzika ndili nacho.

Bambo a Tadala (Lumbadzi): Mukalembetsa mutsegulitsenso Airtel Money, muikemo ina. Ma ejenti ali paliponse, pa Mponela, pa boma, ngakhale m'matireding'i ang'onoang'ono. Zimathandiza kuti musayende ndi mpukutu wa ndalama.

Ndibwerere pa za takisi, chifukwa m'pomwe alendo ambiri amapwetekera. Mukatuluka ndi ngolo ya katundu ija anthu adzakuthamangirani, wina wagwira kale sutikesi. Musalole munthu anyamule kanthu musanagwirizane. Lankhulani Chichewa chanu cha ku Ntchisi chomwecho, musayambe Chingerezi. Nenani kuti "pa Lumbadzi pa siteji", ndipo mtengo autchule mu makwacha. Ena safuna ulendo waufupi chifukwa akudikira wopita ku hotela m'tauni, musakhumudwe, funsani wina. Ambiri ogwira ntchito pa eyapoti amakhala konkuno ku Lumbadzi, ndiye mukafunsa mwaulemu mayi aliyense wa yunifomu adzakulozerani dalaivala wodziwika.

Pa siteji muimire pomwe pali amayi ogulitsa zinthu. Amenewo amaona zonse, ndipo adzakuthandizani kuyang'anira mwana pomwe mukukambirana ndi kondakitala.

Nabanda (Leeds): Chabwino, ndagonja pa za Lumbadzi, poti akagona pa Mponela. Koma ndipemphe chimodzi. Ikakwana 5 koloko asanapeze galimoto, asaumirire. Abwerere ku malo ogona apafupi. M1 usiku ndi yoopsa, malole, njinga zopanda magetsi, ngolo, anthu oyenda m'mphepete. Mchimwene wanga anavulala pa msewu umenewu usiku, mpaka lero amayenda chotsimphina. Sindinena izi kuti ndiwaopseze.

Dalaivala Wakale: Pamenepo palibe wotsutsa. Pepani za achimwene anuwo amayi.

Nachisale wa ku Cape: Pepani ndithu aNabanda. Ndamva zonse, ndazilemba m'kope. Lumbadzi, Mponela kugona, m'mawa boma, alongo anga andidikire ndi njinga ziwiri. Ndikafika ndidzakuuzani.

Mphunzitsi wa ku Ntchisi: Muyende bwino asisi. Mwanayo mumutengere juzi, kuno kumapiri m'mawa kumazizira ngakhale mu Disembala. Ndi nsapato zoti sangadandaule zikada.

Nachisale wa ku Cape: Abale anga, ndafika! Ndikulemba ndili pa chitunda chija cha kuseri kwa tchalitchi. Pepani ndachedwa kukuuzani, masiku awiri oyambawa alendo sanathe pakhomo.

Ndege inachedwa pang'ono, tinatuluka cha m'ma hafu pasiti 3. Wa takisi woyamba anakana za Lumbadzi monga munanenera bambo a Tadala, wachiwiri anavomera. Pa siteji maminibasi awiri anadutsa odzaza, mtima unayamba kugunda ndikukumbukira mawu a aNabanda. Mayi wina wogulitsa mango anatipatsa benchi, n'kumusendera mwana bango limodzi osalipiritsa. Kenako inaima Sienta, ndinanena mawu aja a bambo Dalaivala, kuti katundu ndilipira mpando. Mnyamatayo sanayankhe n'komwe, anangotsegula kumbuyo. Pa Mponela tinafika kusanade, mvula n'kuyamba ife titangolowa m'chipinda. Inagwa usiku wonse.

M'mawa ndinagula zikwama ziwiri ndi pulasitiki, ndinagawa katundu pakhonde la malo ogonawo. Sutikesi imodzi yopanda kanthu ndinaisungitsa kwa mlamu wa alongo anga pa boma. Alongo anga ndinawapeza ataima pa siteji kuyambira 6 koloko, atabwera ndi anyamata awiri a kwathu. Mmodzi ndinamusiya ali mwana wa sitandade 4, lero ndi amene wandinyamula.

Aphunzitsi, za katondo munanena zoona zokhazokha. Chifukwa cha mvula ya usiku ija, pa zitunda ziwiri tinatsika n'kuyenda wapansi, anyamata akukankha njinga. Mwana wanga anabadwira ku Cape Town, sanaonepo matope ofiira chonchi. Nsapato imodzi inatsalira m'matope, anaitulutsa ndi amalume ake, ndipo kuchokera pamenepo anakana kutsika pamapewa pawo. Pa dambo la kufupi ndi kwathu madzi anali atadzaza, njinga sizikanawoloka ndi katundu. Alongo anga anali ataziganizira kale, tsidya linalo kunali ngolo ya ng'ombe ya amfumu ikutidikira. Anyamata anawolotsa zikwama pamutu. Pulasitiki ija inagwira ntchito, shuga ndi mabulangete zafika zouma. Achimwene a kabaza, Mulungu akudalitseni.

Tinalowa m'mudzi cha m'ma 11, titakwera pa ngolo. Mayi anali atakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa, akuti anakana kupita kumunda. Maso awo afooka, anandizindikira ndi mawu. Mdzukulu wawo anali asanamuonepo, anamugwira kumaso ndi manja onse awiri nthawi yaitali osalankhula. Masana tinadya nsima ya bowa wa m'nkhalango ndi nkhwani wotendera. Feteleza tagula dzulo pa boma, matumba awiri, tikathira mvula ikangopumira.

Nabanda (Leeds): Ndawerenga misozi ili m'maso. Muwapatse moni mayi.

Kabaza wa pa Boma: Zikomo amayi, tanyadira kuti mwafika bwino.

Dalaivala Wakale: Mwayenda mwanzeru mwana wanga. Moni kwa onse kumudziko.

Nachisale wa ku Cape: Moni afika. Ndifunsenso kamodzi. Ndege yobwerera ndi ya pa 2 Januwale masana. Ndinganyamuke kuno m'mawa wa tsiku lomwelo?

Mphunzitsi wa ku Ntchisi: Ayi asisi, dambo lija simungalidalire, likhoza kudzaza usiku umodzi. Komanso pa 1 Januwale magalimoto amakhala ochepa, madalaivala ambiri sagwira ntchito. Tsikani pa 31 m'mawa kapena pa 1 molawirira kwambiri, mukagone pa Mponela pomwe munagona paja. Lipiriranitu chipinda pa Airtel Money chifukwa masiku amenewo kumadzaza.

Bambo a Tadala (Lumbadzi): Pa 2 m'mawa mukwere yopita ku Lilongwe, muwauze akutsitseni pa Lumbadzi. Mukanyamuka pa Mponela mundilembere kumbali, ndidzauza mnyamata wa takisi wa kuno akudikireni pa siteji. Pa eyapoti mukafike kwatsala maola atatu.